Nsomba Yofiira Mkati

1

Ena banja limawathera pa uthenga wa pafoni, ena pa tsitsi lachilendo lokakamira pa jekete. Langa linathera pa nambala. Ndipo nambalayo sindinachite kuifufuza ayi, anaitchula yekha mwini wake, pamaso pa abale ake onse, m'kamwa muli nsomba.

Ine ndine wophika. Ndili ndi khitchini ya lendi kuseri kwa sitolo yogulitsa matayala, ndipo ndimaphikira maukwati, misonkhano ya m'maofesi ndi maphwando a anthu aja amafuna kuoneka ngati anabadwira m'ndege. Chimene chinanditchukitsa ndi kachakudya koyambira, koti alendo azitola pa thireyi chakudya chenicheni chisanafike: nsomba ya tuna yowaula, pamwamba pake salisa wa zipatso.

Kapangidwe kake n'kosavuta, n'chifukwa chake ambiri amakaphonya. Umadula tuna ngati kanjerwa, kuipukuta ndi nsalu mpaka iume, kuithira mchere ndi tsabola wakuda, n'kuigubuduza mu chitowe. Chiwaya chitenthe mpaka chiyambe kufuka. Ukatero umaiikapo, mbali zonse zinayi, iliyonse kanthawi kochepa. Kunja ipse, mkati ikhale yofiira ngati sinaone moto. Ikazizira umaidula timagawo topyapyala. Salisa ndi mango, chinanazi, anyezi wofiira ndi tsabola wowawa, zonse zodula ting'onoting'ono, n'kufinyirapo ndimu. Ameneyo umaika thireyi ikutuluka pakhomo, chifukwa chinanazi ndi ndimu zikakhalitsa pa nsomba zimaifewetsa mpaka kunyenyeka. Ndipo mayi woyembekezera timamuletsa kudya, poti mkatimo ndi mosapsa.

Ntchito yonse yagona pa kanthawi kochepa kaja. Wotchi sindinkaifuna. Manja ali mafuta okhaokha, maso ali pa chiwaya, wotchiyo uiyang'ana ndi diso liti? Tinkawerenga ndi pakamwa. Koma pakamwa pa anthu sipafanana, ndiye aliyense ndinamupatsa nambala yake. Ine ndimawerenga mpaka fote. Ndinkaima pambali pa wophunzirayo, iye akuwerenga mokweza, ine fote wanga mumtima, ndipo pomwe iye wafika ine ndikamamaliza, imeneyo ndiyo nambala yake mpaka kalekale.

Ondithandiza anali awiri. Woyamba tinkamutcha Wailesi, mayi wosiyidwa banja, wopaka zofiira m'milomo, woti akayamba kulankhula umachita kufunafuna pozimitsira. Ameneyo ankawerenga ngati akuthamangitsidwa, ndipo nambala yake inali sikisite. Wachiwiri anali mng'ono wanga, wa bere limodzi, amene ndinamulera ndekha amayi athu atamwalira. Wofatsa, wa kwaya, wolankhula ngati mawu aliwonse ayambe wawatafuna. Akamawerenga ankagwedeza mutu pa nambala iliyonse, "waaani... thuuu...", ndipo nambala yake inali twente.

Ndiye panali amuna anga. Kwawo ndi kuntchito komwe amawatcha a Tayi, chifukwa ngakhale pokataya zinyalala Loweruka amavala tayi. Amagwira ku kampani ya inshuwalansi. Mwana sitinakhale naye, ndipo apongozi anga sankaiwala kundikumbutsa. Zaka khumi ndi chimodzi tili pabanja, nsomba yangayo a Tayi sanailaweko.

"Ine si mphaka," ankatero. "Chinthu chamagazi chonchi ndidye ine? Kaipsetseni kaye, mayi."

M'khitchini mwanga sankalowamo, ati fungo limagwira masuti.

2

Lachitatu lililonse masana ndinkapita kutali kukaonana ndi wogulitsa nsomba, n'kubwerako madzulo. Lachitatu lina tikudya, a Tayi anaseka nkhani ya pa TV, ndipo ndinaona kanthu koyera pakati pa mano awo akutsogolo. Njere ya chitowe. Ine chitowe ndimachidziwa ngakhale chili patali, ndimagona nacho m'zikhadabo.

"Mwadya chiyani masana?"

"Buledi. Wa ku kantini."

"Buledi wa chitowe? Kantini yanu ija yatukuka liti?"

"Mayi, mwayamba upolisi wa mano tsopano?"

Ndinasiya. Sabata yotsatira, pochapa, ndinapeza kadontho kachikasu pa tayi yawo yabuluu. Ndinanunkhiza. Mango, ndimu, anyezi. Salisa wanga sindingamusokoneze ndi wa munthu wina. M'mawa mwake ndinatsegula firiza ya kuntchito, ndipo chidutswa cha tuna chimene ndinachibisa pakona chifukwa chinali chofiira bwino kuposa zonse panalibe.

Ndiye taonani. Mwamuna woti ine ndamunyengerera zaka khumi ndi chimodzi, wina wamudyetsa nsomba yanga, yochokera m'firiza yanga, yowaulidwa pa chiwaya changa, tsiku limene ine kulibe. Kuti akugona kwina kunandipweteka, inde. Koma mundiseke ngati mukufuna, chinandiwawa kwambiri n'choti anadya.

3

Ndinamupeza mng'ono wanga akudula mango, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse.

"Iwe, Lachitatu ndikachoka, muno mumatsala ndani?"

Mpeni unaima. "Ine ndimapita ku kwaya, achemwali."

"Ndiye amatsala Wailesi?"

Anangoweramira mango ake.

"Alamu ako amabwera muno?"

"Achemwali, ine za anthu sindilankhula."

Ndinamusisita pamsana, chitsiru ine. Ndinati mwana wa amayiyu mtima wake ndi wabwino, ngakhale wakuba amuna akumubisira.

Kwa ine mlandu unali utatha. Ndani ankaseka ndi a Tayi akabwera kudzanditenga pa galimoto? Wailesi. Ndani ankawauza kuti "tayi imeneyo ndiye yakukhalani, bwana"? Wailesi. Wopanda mwamuna, wa milomo yofiira, woseka mpaka a kumatayala kusuzumira. Umboni wina ndikanaufuniranji?

Ndinamuchotsa ntchito Loweruka, pa ukwati wa anthu mazana atatu, kuseri kwa holo, pamaso pa operekera zakudya, otsuka mbale ndi amene anabweretsa keke. Malowo ndinasankha dala. Mawu amene ndinanena sindingawalembe onse, magazini ino amawerenganso ana. Ndinamutcha wakuba nsomba, wakuba amuna, ndi zina zokhudza milomo yakeyo.

Ndinkayembekeza nkhondo. Wailesi akanatha kundilalatira mpaka mkwatibwi kutuluka m'holo. Koma ayi. Anayang'ana ine, anayang'ana mng'ono wanga amene anali kalikiliki kuyala timagawo pa thireyi, n'kuyang'ananso ine.

"Mwatsimikiza, madamu?"

"Choka."

Anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa tebulo. "Chiwaya chachiwiricho chatentha kwambiri, muchepetse moto," anatero, n'kumapita.

Sindinalekere pomwepo. Ophikira maphwando timadziwana tonse. Ndinawaimbira mmodzimmodzi, ndipo pofika Lolemba panalibe khitchini yoti ikanamulemba ngakhale ntchito yosenda anyezi. Anali ndi ana awiri a pasukulu. Ndinkadziwa.

A Tayi nditawauza kuti chibwenzi chawo ndathana nacho, anakonza tayi n'kunena kuti, "Nsanje idzakuphani, mayi. Koma poti mtima wanu wakhala pansi, chabwino." Chitowe sichinaonekenso m'mano mwawo. Anagula mswachi wina wosiya m'galimoto, ndinauona, ndipo ndinati amuna anga ayamba ukhondo.

4

Patapita miyezi itatu apongozi anga anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ana awo anakonza phwando la masana pabwalo la nyumba yawo. Wophika ndinali ine, chifukwa kwawo kwa a Tayi ndimakumbukiridwa pakafunika chakudya. Masiku ena onse ndine "uja wa mapoto".

Tinali awiri, ine ndi mng'ono wanga, ndipo iye masiku amenewo anali wolobodoka. Lamulo langa n'loti wowaula alawe kagawo koyamba, koma iye anali atasiya kulawa. Ati m'mimba. Ndinamugulira mankhwala ndi manja angawa, n'kumamuuza kuti azikhala pansi akatopa.

Thireyi yoyamba anainyamula ndi iyeyo, ine ndili pambuyo. Timagawo tofiira, m'mphepete muli chitowe, pamwamba salisa wachikasu, moti ndinadzinyadira ndekha. Apongozi anatola kamodzi, kukatembenuza, n'kukabwezera pa thireyi ngati atola chule.

"Gasi watha kodi?"

"Ayi amayi, imadyedwa choncho."

"Imadyedwa ndi ndani? Zaka zonsezi mwana wanga akukhala ndi mkazi woti nsomba kuipsetsa sangathe? N'chifukwa chake wawonda. Kabwezereni pamoto zonsezi, alendo anga angadwale."

A Tayi owondawo lamba anali pa bowo lomaliza. Azilamu anga anaseka mogwirana manja, ngati sanali iwo amene amandipempha zotsala za maukwati. Koma pakati pa alendo panali bwana wamkulu wa ku inshuwalansi, amene a Tayi anamuitana okha n'kumamulondola pambuyo chifikireni. Bwanayo anatola kagawo, anatafuna atatsinzina, n'kutolanso kena.

"Izi ndinazidyapo kunja kokha," anatero. "Amene wapanga izi amaidziwa ntchito."

Apa a Tayi anaona mwayi wokwezedwa pantchito ukudutsa pa thireyi. Anatambasula dzanja, munthu uja si mphaka, n'kuponya kagawo m'kamwa osakayang'ana n'komwe. Salisa anamutchinjiriza ndi chala kuti asagwe, ngati munthu wozolowera.

"Amayi, musatichititse manyazi," anatero akutafuna. "Tuna sapsetsa. Chiwaya chifuke kaye, bwana, ndipo nsomba ikhale youma. Zipatsozi mumaika pomaliza, chifukwa chinanazi chimafewetsa nsomba."

"Kodi ndinu katswiri," anatero bwana uja. "Nanga pamoto imakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Kuwerenga basi. Mbali iliyonse mpaka twente."

Twente sinali nambala ya Wailesi. Koma ndinati mwina ndamva molakwa, mwina angolota nambala. Ndinamwetulira ngati mkazi wonyadira mwamuna wake.

"Twente, bambo? Siichepa? Si sikisite?"

"Sikisite ingapserere, mayi, inunso mukudziwa. Twente. Koma osathamanga." Anaika galasi pansi kuti amuonetse bwino bwana wawo. "Waaani... thuuu... firiii..." Mutu ukugwedezeka pa nambala iliyonse.

Ndinatembenukira mng'ono wanga, thireyi ili m'manja mwake. Ndinatola kagawo kamodzi, kofiira kuposa tonse, n'kukafikitsa pakamwa pake.

"Lawa."

"Achemwali, m'mimba..."

"Lawa. Mankhwala ndinakugulira."

Anafumbata milomo, misozi ikutsika. Dzanja limodzi linasiya thireyi n'kukagwira pamimba, pansi pa epuloni imene ine ndinkati yamuthina chifukwa akudya bwino kwa achemwali ake. Lamulo lija la amayi oyembekezera ndinamuphunzitsa ndine. Pa malamulo onse amene ndinamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, limeneli ndi lomwe anasunga.

"Miyezi ingati?"

"Inayi," anatero, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse.

Thireyi inagwa, nsomba ndi mango mbwee pa kapinga. A Tayi anali atafika pa seveni, kukamwa kuli yasa.

Ndinatembenukira apongozi. "Amayi, m'khitchini mwanga wowerenga twente ndi mmodzi, ndi uyu. Mwana wanu sanawonde ayi, amadya kawiri. Ndipo mdzukulu amene mwakhala mukundifunsa uja ali m'njira, muthokoze mpongozi winayu."

Bwana anapukuta zala n'kuyamba kufunafuna makiyi a galimoto. Apongozi anayang'ana pamimba pa mng'ono wanga, ndipo ndikulumbira, nkhope yawo inayamba yawala isanakumbukire kuti ikuyenera kukwiya. Ndinalongedza mipeni yanga ndi ziwaya ziwiri. Chakudya chenicheni chinali chisanaphikidwe, alendo anali makumi asanu ndi atatu, ndipo ndinawasiyira katswiri uja kuti awaphikire.

5

Banja linatha mwezi womwewo, ndipo za kukhoti sindikutopetsani nazo. Mng'ono wanga akukhala kwa apongozi, a Tayi sanakwezedwe. Koma si zimenezo zomwe zandilembetsa.

Wailesi ndinamufunafuna sabata ziwiri. Ndinamupeza pa siteji ya basi akukazinga tchipisi pa chiwaya chakuda, dzuwa lili pamutu, milomo yosapaka kanthu. Munthu woti amadula chinanazi mofanana ngati makina.

"Madamu," anatero osadzutsa mutu. "Mbale yaing'ono kapena yaikulu?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Ndinamva. Twente." Anatembenuza tchipisi. "Nkhani zimayenda ngakhale Wailesi mutaizimitsa."

"Unkadziwa?"

"Lachitatu lina ndinaiwala foni, ndinabwerera. Ndinapeza mng'ono wanu akuwadyetsa amuna anu ndi dzanja, pa tebulo lanu lodulira."

"Nanga osandiuza bwanji? Iwe woti sungasunge ngakhale mtundu wa diresi ya mkwatibwi?"

Apa ndiye anandiyang'ana. "Mukanamvera ndani, madamu? Wa milomo yofiira kapena wa kwaya? Komanso mwanayo munamulera nokha. Ndinati ine ntchito ndipeza ina, koma inu mng'ono wina mumupeza kuti? Sindinkadziwa kuti muimbira foni tauni yonse."

Mafuta ankalira m'chiwaya, mabasi akuliza mahutala, ine ndili chilili ngati ndabwera kudzapempha madzi.

"Bwerera, ndikupempha. Ndiwaimbiranso onse aja, mmodzimmodzi, ndiwauze kuti ndinanama."

"Aimbireni, chifukwa cha ana anga. Koma tandiuzani, mwabwera kudzapepesa kapena mwasowa wodula mango?"

Anaseka kuseka kwake kuja, mpaka kondakitala wina kucheuka.

"Zonse ziwiri," ndinavomera.

"Bola mwanena zoona. Kubwerera ndiye ayi. Sunthani pang'ono, mukutchinga makasitomala."

6

Ndinawaimbira onse aja monga ndinalonjezera. Anandimvetsera bwinobwino, anandipepesa, ena anandifunsanso kuti a Tayi anafika pa nambala yanji. Koma palibe amene anamuitana. Bodza loyamba lija linawakomera kuposa chilungamo chobwera pambuyo. Patha chaka tsopano, ndipo Wailesi akadali pa siteji paja.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti a Tayi ndi mng'ono wanga mwawatukwana kale. Pitirizani, mukatopa ndikuthandizani. Koma ine musandimvere chisoni kwambiri. Awiri aja chipongwe chawo anachita mobisa. Ine changa ndinachita masana, pamaso pa anthu, kwa munthu yekhayo m'khitchini muja amene ankanditeteza, ndipo umboni wanga wonse unali zopaka m'milomo. Ngati muli ndi wina amene mwamuweruza kale chifukwa choti amaseka mokweza, dikirani kaye musanatsegule pakamwa, muone uja ali phee pakonayo kuti akuweramira chiyani.

Tuna ndimawaulabe, ndipo anthu obadwira m'ndege aja amaiyamikirabe. Ndimagwira ndekha. Ndinagula wotchi yolira, ili pa shelefu pamwamba pa chitofu. Silankhula, sipita ku kwaya, ndipo sinaphonyepo. Koma masiku ena chiwaya chikayamba kufuka ndimapezeka ndatchera khutu, kudikira kuti wina kumbuyo kwanga athamange mpaka sikisite, kenako wotchi imalira, ine n'kutembenuza nsomba.